Sienta yomwe inkawira pamsewu koma m'tauni ayi

Galimoto iyi inafika pagalaja pathu, kuno ku Kasungu boma, sabata yachiwiri ya Okutobala 2024, nthawi ya dzuwa lija loti ukagwira boneti masana umachita kupsa. Inali Toyota Sienta yakale ija, NCP81, ya injini ya 1NZ-FE, ya petulo, malita 1.5, masilinda anayi. Mita inkaonetsa makilomita 212,000 ndi kanthu. Mwini wake ndi mayi wina wa geni ya soya ndi mtedza, amene anaigula kuti izichita matola kuchoka pa Kasungu kupita ku Santhe kudzera pa Chinkhoma, masiku ena mpaka pa Kamwendo. Woiyendetsa ndi mwana wa alongo awo a mayiwo, mnyamata wa zaka za m'ma 20. Chibale chimenechi muchisunge m'mutu, chifukwa chinatidyera masiku asanu ndi anayi.

Anabwera onse awiri. Mnyamatayo ndiye anayamba: "Madala, m'tauni muno ilibe vuto, ngakhale pamzere wa mafuta ndimatha maola awiri ili chilirire. Koma ndikangodzaza anthu n'kulowa M1, ndisanakhote pa Chinkhoma kagetsi kofiira kaja kayaka."

Amene mwagwirapo ma Sienta amenewa mukudziwa kuti padashibodi palibe muvi wa kutentha. Pali timagetsi tiwiri basi, kabuluu koonetsa kuti injini idakali yozizira ndi kofiira koonetsa kuti zafika poipa. Pakati pa tiwiriti dalaivala amayenda mumdima. Galimoto ya muvi imakuchenjeza pang'onopang'ono, iyi imangokuuza moto utafika kale padenga.

Ndinafunsa za madzi. Anati m'mawa uliwonse amathira pafupifupi lita imodzi, otunga pamjigo wa kwawo. Vutoli linayamba cha mu Ogasiti. Masabata atatu asanabwere kwa ife, makaniko wina wapasiteji anachotsa themositati (kavavu kolamulira madzi opita ku rediyeta) n'kulumikiza fani dairekiti kuti izizungulira kiyi akangoyatsa. "Ndiye zinasintha?" Iye anati zinangoonjeza. Yankho limenelo ndinalimva koma sindinaliike pasikelo. Kenaka ndinafunsa funso lomwe ndimafunsa aliyense: munayamba mwaiyendetsa getsi lofiira lili chiyakire? Anayang'ana azakhali ake, n'kuyang'ana pansi, amvekere, "Ayi madala, ndimaima pompo."

Zomwe tinapeza tsiku loyamba

Pali lamulo lomwe tonse tinaphunzira tili anyamata a sipanala. Galimoto yowira itaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono, yamba ndi fani, chifukwa pamenepo palibe mphepo ina yodutsa pa rediyeta. Yowira ikuthamanga kapena italemedwa, fani isiye, yang'ana rediyeta, kayendedwe ka madzi, kapena utsi wa m'silinda wolowa m'madzi. Lamuloli ndi labwino ndipo ndimaligwiritsabe ntchito. Koma tsiku limenelo linandiphimba m'maso. Ndinayatsa kiyi, ndinaona fani ikuzungulira mwamphamvu, ndipo nkhani ya fani ndinaitsekera pomwepo.

Injini itazizira tinayamba ndi kapu ya rediyeta. Labala yake inali yong'aluka, sipuling'i yofooka. Pamwamba pake panalembedwa 1.1, koma pa tesita inkatulutsa mpweya isanafike ngakhale 0.4 bar. Anzanga ambiri kapu amaitenga ngati chivindikiro cha poto, pomwe ntchito yake ndi yaikulu. Madzi amawira pa madigiri 100 ukakhala m'mbali mwa nyanja yamchere. Kuno tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndiye amawira cha m'ma 96 kapena 97. Kapu yamoyo ya 1.1 bar imakankhira malire amenewo mpaka cha m'ma 120. Tsono taganizani, injini iyi ikamagwira ntchito yolemetsa madzi ake amafika m'ma 90 mwachibadwa, ndipo kompyuta imadzutsa fani cha m'ma 95. Kapu ikafa, madzi amayamba kuwira pa kutentha komwe injini yabwinobwino imafika tsiku ndi tsiku. Akawira amathawira m'botolo lapambali, akazizira sabwereranso onse, mawa lake dalaivala wathiramo ena a pamjigo. Ndikukhulupirira kuti nkhani yonseyi inayambira pa kachitsulo kameneka, kotchipa kuposa mafuta a ulendo umodzi wa ku Santhe.

Madzi omwe tinakhetsa anali ofiira ngati a m'chithaphwi cha pa katondo. Kulanti, madzi a mankhwala aja opangidwira rediyeta, munalibemo ndi dontho lomwe. Titasuzumira pakhosi pa rediyeta, timapaipi tam'kati tinali titamera zoyera zija zimamera pansi pa ketulo. Madzi a m'mijigo yambiri kuno ali ndi mchere wa m'miyala, ndipo ukamawawiritsa tsiku lililonse mcherewo umatsalira m'timapaipi tomwe ndi topyapyala kale. Thanki yapulasitiki yapamwamba inali itamatidwa ndi epokisi pakona. Titapopa mpweya kufika 1.2 bar, muvi wa tesita unatsika pang'onopang'ono, ndipo tinaona chinyezi pa epokisi pomwepo ndi pa kilampu ya paipi yapamwamba. Ndinati basi, lita ya m'mawa uliwonse ija ikuthawira apa.

Titamasula rediyeta tinapeza china. Pakati pa iyo ndi kondensa ya AC panali chinthu chonga bulangete: njere za udzu, mankhusu a soya, nthenga za nkhuku, fumbi. Ukayang'ana kutsogolo kwa galimoto suona kanthu, chifukwa kondensa imaoneka yoyera. Zinyalala zimakhala kuseri. Galimoto iliyonse yolowa m'misewu ya m'minda nthawi yokolola, pamenepa pamafunika kutsegula.

Mayiwo anafuna kuti rediyeta ikangotsukidwa kwa owotcherera. Ndinakana. Rediyeta zakale za mkuwa unkatha kusungunula thanki, kutokosa timapaipi, n'kuwotchereranso. Izi za aluminiyamu ndi pulasitiki, thanki imagwidwa ndi timano topinda, ukatiwongola n'kutipindanso sitigwira ngati kale, ndipo iyi inali yosweka kale. Anadandaula za mtengo, koma anavomera yatsopano.

Za themositati ndilankhulepo pang'ono, chifukwa mchitidwe woichotsa wafala ngati kuti ndi mankhwala. Amati kuno kumatentha, themositati ndi ya ku Japan kozizira. Pa 1NZ themositati ili pomwe madzi ochokera ku rediyeta amalowera mu injini, imayamba kutseguka cha m'ma 82, ndipo kumbuyo kwake kuli kambale. Injini ikazizira, madzi amangozungulira m'kati kudzera njira yachidule osapita ku rediyeta. Ikatentha, themositati imatsegula njira ya ku rediyeta, kambale kaja n'kutseka yachiduleyo. Mukaichotsa, njira yachidule imakhala yotseguka mpaka kalekale, ndiye gawo lina la madzi otentha limangobwerera mu injini lisanaone mphepo. M'mawa injini imachedwa kutentha n'kumamwa mafuta ambiri, pamtunda imatentha kuposa kale. Tinaika yatsopano, titaiyesa kaye m'poto wa madzi otentha, kabowo kake kotulutsira mpweya kali kumwamba.

Gasiketi, ija imamata pakati pa hedi (chivindikiro cha pamwamba pa masilinda) ndi buloko ya injini kuti moto, madzi ndi oyilo zisasakanikirane, ndinaiyesa, koma mwa theka. Oyilo pa dipisitiki anali woyera bwino, kuseri kwa chitsekerero cha oyilo kunalibe zonga chambiko zija. Komperesheni inali 12.5, 12.5, 12 ndi 12.5 bar, kusiyana kosafika bar imodzi. Pakhosi pa rediyeta injini ikulira payokha sipanatuluke thovu. Madzi abuluu oyesera utsi, aja amasintha mtundu ngati utsi wa m'silinda ukulowa mu rediyeta, anali atatithera sabata yapitayo, ndipo m'malo modikira kuti abwere kuchokera ku Lilongwe, ndinauza mayiwo kuti, "Amayi, mwapulumuka, gasiketi ili moyo." Mawu amenewo ndinawalipira pambuyo pake.

Kapepala ka mandasi

Titatsuka injini mpaka madzi kutuluka oyera, tinamanga zonse. Fani ndinaibwezera pa rediyeta yatsopano ndi mawaya ake momwe ndinawapezera, opotedwa ndi manja n'kukulungidwa tepi, poganiza kuti tidzakonza waya bwinobwino pomaliza. Tinalumikiza sikana, kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto, kuti tizitha kuwerenga kutentha m'manambala, tinakweza matumba asanu a chimanga a makilo 50, ife atatu, ulendo.

M'tauni inkasewera pa 86 mpaka 88. Titalowa M1 n'kufika 90 pa ola, nambala inayamba kukwera: 94, 99, 103. Tikuyandikira Chinkhoma inali pa 107. Nditatsitsa liwiro kufika 40, inatsika yokha. Rediyeta yatsopano, kapu yatsopano, themositati yatsopano, koma matenda omwe aja. Tinabwerera mwakachetechete. M'mutu mwanga ndinali nditagamula kale kuti ndi wotapampu, kuti mapiko ake adyeka ndi dzimbiri ndipo sakukankha madzi okwanira injini ikathamanga. Ndi ganizo lomveka, ndipo ndikanaimasula madzulo omwewo.

Mnyamata wathu wophunzira ntchito, yemwe ali m'chaka chake chachiwiri, anakhala pa tayala kutsogolo kwa galimotoyo akudya mandasi, injini ikulira. Kapepala komwe anakulungira mandasiwo kanamupulumuka, ndipo m'malo mokakamira pa gilo kanauluka kubwerera kwa iye. Anakatola, n'kukaikanso dala. Kanaulukanso. Amvekere, "Madala, fani iyi ikuuzira kunja."

Ndinaika dzanja kutsogolo kwa kondensa, ndinamva mphepo yotentha ikundiwomba. Mota ya fani iyi ndi ya DC, ukasinthanitsa mawaya awiri aja imazungulira chobwerera. Makaniko wapasiteji uja anadula pulagi yomwe inali itapsa, n'kulumikiza mosemphanitsa. Galimoto ikaima, fani yobwerera imaziziritsabe ndithu, ngakhale mofooka, chifukwa mphepo ikudutsabe pa rediyeta, kungoti ikuchokera kumbuyo. N'chifukwa chake pamzere wa mafuta inalibe vuto. Koma ikathamanga, mphepo ya pamsewu ikukankha kulowa, fani ikukankha kutuluka, ziwirizi n'kumalimbana pa rediyeta pomwepo, yodutsa n'kukhala yochepa pa nthawi yomwe injini ikutulutsa moto wambiri. Ndipo poti inali dairekiti, sinkapuma ndi kamodzi komwe. Lija lamulo lakuti yowira pamsewu si fani limagwira ntchito pa fani yakufa. Pa fani yozungulira chobwerera silithandiza. Dalaivala anali atandiuza kale kuti chilumikizireni fani zinthu zinaonjeza, ine osamva.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti mawayawo ndinawamasula ndekha n'kuwabwezeranso ndekha, mosamala, kuti ndisasokoneze. Kuyambira tsiku limenelo fani iliyonse yomwe waya wake wagwidwapo ndi munthu imayesedwa ndi pepala isanatuluke pageti.

Tinachotsa waya wa dairekiti uja, tinaika pulagi ina, n'kubwezera fani pa dongosolo lake la fyuzi ndi relay kuti kompyuta iziilamulira. Dongosololo linalibe vuto lina kupatula pulagi yopsayo. Ulendo wachiwiri, ndi katundu yemweyo, tinafika mpaka ku Santhe nambala ili pakati pa 87 ndi 92. Tinathira kulanti, tinatulutsa mpweya, mayiwo analipira, galimoto inapita.

Kubweranso

Patatha masiku asanu ndi anayi dalaivala uja anabwera yekha. Getsi lofiira silinayakenso, koma ananena zinthu ziwiri. Botolo lapambali linkadzaza mpaka kusefukira pomwe mu rediyeta madzi akutsika. Ndipo m'mawa akaliza, injini inkanjenjemera kwa theka la mphindi kenaka n'kukhazikika.

Ndinadziwiratu. Sikana inaonetsa P0303, kuphonya kwa silinda yachitatu. Titamasula mapulagi, atatu anali a mtundu wa khofi monga mwa masiku onse, lachitatu linali loyera ngati latsopano. Pulagi yoyera chonchi pa injini ya makilomita oposa 200,000 ndiye kuti ikuchapidwa ndi nthunzi. Titaliza injini yozizira, paipi yapamwamba inauma gwa isanathe mphindi imodzi, madzi asanatenthe n'komwe. Mpweya woumitsa paipi nthawi imeneyo sungachokere kwina koma m'silinda.

Madzi abuluu aja anali atafika. Apa pali chomwe ndikufuna anzanga muchione. Injini ikulira payokha, madziwo anakhalabe abuluu kwa mphindi zitatu zathunthu. Ndikanalekera pomwepo ndikananamizidwanso. Koma mnyamata ataponda mafuta kufika 3,000 n'kumaponda modzidzimutsa kangapo, anasanduka obiriwira, kenaka achikasu. Bala la pa gasiketi likakhala laling'ono, limatseguka pokhapokha mphamvu ya kuphulika m'silinda ikakula. Komperesheni ya pa sitata ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imeneyo, n'chifukwa chake tesita inandipatsa 12 n'kundigoneka tulo. Ngakhale 12 uja pakati pa ma 12.5 atatu anali kunong'ona, ine n'kumuyesa wabwinobwino.

Kuti tisatsegule injini ya munthu pa umboni umodzi, tinaisiya usiku wonse mapulagi ali kunja, tesita itapopedwa pa 1.2 bar. M'mawa muvi unali utatsika, pansi pali pouma. Titaunika ndi kakamera kolumikiza pa foni, pamwamba pa pisitoni yachitatu panali timadontho tapinki. Ndiko kunjenjemera kwa m'mawa kuja: injini ikazima, madzi amakhala akadali ndi mphamvu, amadontha m'silinda usiku, m'mawa pulagi n'kunyowa mpaka atapsa.

Pamenepa ndinamutengera mnyamatayo kuseri kwa galaja, pamthunzi wa mango, n'kumufunsanso funso lija. Poti azakhali ake panalibe, anamasuka. Mu Seputembala anachita hayala yonyamula anthu opita kumaliro cha ku Dowa. Atangowoloka Bua getsi lofiira linayaka. Anthu anali pa changu kuti akapeze mwambo usanayambe, ndiye anapitiriza. Patapita kanthawi getsilo linazima lokha, iye n'kuyesa zatheka. Akuyandikira Madisi injini inayamba kulira ngati mwagwera timiyala, mphamvu n'kutha. Anaima, anadikira pang'ono, anatsegula kapu ndi chisanza, n'kuthira zigubu ziwiri za madzi ozizira.

Kuzima kwa getsi kuja ndiko kunali koopsa kuposa kuyaka kwake. Sensa imayeza madzi omwe yamizidwamo. Madzi akatsika mpaka sensa kutsala pamtunda, imayamba kuyeza mpweya ndi nthunzi, nambala n'kutsika pomwe chitsulo chikupsa. Madalaivala ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ndi ntchito yathu kuwauza. Kenaka madzi ozizira pa hedi ya aluminiyamu yotentha chonchija, simufunanso wina wokuuzani chomwe chinachitika.

Akanandiuza izi tsiku loyamba, sindikanatulutsa galimotoyo popanda kuyesa utsi, ngakhale zikanatengera kudikira masiku awiri. Koma sindingamusenzetse mlandu wonse. Ndinamufunsa pamaso pa munthu yemwe amamulemba ntchito, yemwenso ndi azakhali ake omulera. Ndani akanavomera? Masiku ano mwini galimoto ndimamufunsa payekha, dalaivala payekha, ndipo dalaivala ndimayamba ndamuuza kuti sindine wapolisi.

Ndinamuuza kuti nkhaniyi akaifotokoze yekha, ine ndikhalapo. Mayiwo atabwera, mnyamatayo anagwada pambali n'kunena kuti, "Azakhali, ndinakubisirani, ndinaopa." Mayiwo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Iwe, galimoto ndi chitsulo. Ukanawotcha ana a eni ake ndi madzi amenewo bwenzi tikukamba zina." Ine ndinanenapo mbali yanga, kuti ndinawatsimikizira za gasiketi ndisanamalize kuyesa, ndipo pa ntchito yachiwiriyi ndinadula ndalama ya manja ndi theka.

Njira zinalipo zitatu. Wina anali atawauza kale za mankhwala a m'botolo othira mu rediyeta omwe amati amamata gasiketi. Ndinawauza kuti akafuna amenewo akathire kwina. Amamata paliponse popapatiza, kuphatikizapo timapaipi ta rediyeta yomwe angogula kumene ndi ta hita, ndipo pa bala loyang'anizana ndi moto wa m'silinda sakhalitsa. Njira yachiwiri inali injini ina yochokera ku Japan. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya injini zimenezi inali itachoka m'manja mwa anthu ngati mayiwa, komanso umagula chinthu chomwe mbiri yake suidziwa. Yachitatu inali kutsegula hedi. Tinagwirizana kuti titsegule, tiyeze, ndipo buloko ikapezeka yopindika kapena hedi yosweka, tiime pomwepo tikambirane za injini ina tisanaononge ndalama pa zipangizo.

M'kati mwa injini

Pa 1NZ hedi siichoka popanda kuchotsa tcheni, ndipo tcheni sichichoka popanda kuchotsa chivindikiro chakutsogolo, chomwe chimafuna kuti wotapampu ichoke kaye. Choncho pampu ija ndinaiganizira pachabe inafika m'manja mwanga ndithu. Mapiko ake anali adzimbiri koma athunthu, sinali iyo. Beringi yake inali itayamba kugwedera pang'ono, ndiye tinaisintha poti tinali pomwepo kale.

Mabawuti khumi a hedi tinawamasula pang'onopang'ono kuyambira kunja kulowa m'kati, injini itazizira usiku wonse. Pa gasiketi panali kanjira kakuda kopyapyala kochoka pa mkombero wa silinda yachitatu kukafika pa bowo la madzi. Pisitoni yachitatu inali yochapika, zinazo zili ndi mwaye wake. Titapala bwino n'kuika rula yachitsulo ndi filageji (timapepala tachitsulo toyezera mpata), m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, hedi inali ndi mpata wa 0.13 mm pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Malire a Toyota pa injini iyi ndi 0.05 mm. Buloko inali pa 0.03, ndipo apa ndi pomwe tinapumira. Musamaiwale kuyeza buloko, nayonso ndi ya aluminiyamu. M'mphepete mwa mabowo a madzi munali tizibowo ta kudyeka, ntchito ya madzi opanda kulanti. Anthu amayesa kulanti ndi wa kumaiko kozizira basi, pomwe kuno ntchito yake yaikulu ndi kuteteza aluminiyamu ndi chitsulo kuti zisadyeke.

Buku la Toyota limati hedi ikapitirira malire isinthidwe. Ife kuno timasikima, kutanthauza kupala pansi pa hedi pa makina kuti pawongoke, ndipo ndinawauza mayiwo poyera kuti tikuchita zomwe thumba likulola. Koma ndisanaitumize ndinayesa chinthu chimodzi chomwe ambiri amadumpha. Hedi ikapindika pansi, nthawi zina imapindikanso pamwamba pomwe pamagona makamushafuti. Mukasikima pansi pokha, pansipo pamawongoka koma kamushafuti imakhala ikukakamira. Tinachotsa zonse zokankha mavavu, tinagoneka makamushafuti m'malo mwake, n'kumanga: onse awiri ankazungulira ndi zala. Ikanakakamira, ndikanafuna hedi ina.

Inapita ku Lilongwe pa minibasi, itakulungidwa m'makatoni. Ndinawapempha a makina kuti ayambe aiyesa ngati ili ndi mng'alu asanaidule, chifukwa kusikima hedi yosweka n'kutaya ndalama kawiri. Inalibe. Anachotsa 0.15 mm, ndipo ndinawakumbutsa kuti gasiketi ya injini iyi ndi ya timapepala tachitsulo tosanjikiza, imafuna nkhope yosalala kwambiri. Mizere ya makina yomwe gasiketi zakale zofewa zinkakwirira, iyi siikwirira.

Pomanga, mabowo a mabawuti mu buloko tinawapopera mpweya mpaka kuuma. Madzi kapena oyilo akatsalira pansi pa bowo, bawuti imalimba isanapanikize hedi, mwinanso kung'amba buloko. Mabawuti akale awiri anali ataonda pakati, choncho tinagula seti yonse. Gasiketi inalowa youma, popanda shelaki kapena silikoni. Ndikudziwa kuti ena mumapaka kuti mtima ukhale pansi, koma pa gasiketi yachitsulo mukuononga. Kumanga kwake ndi 29 Nm kuyambira pakati kutuluka kunja, kenaka madigiri 90, kenakanso 90 ena motsatira dongosolo lomwelo. Tinaika kadontho ka penti pamutu pa bawuti iliyonse kuti pomaliza tonse tiyang'ane mbali imodzi, kumbuyo. Munthu akakuitana pakati pa ntchito, penti ndi yomwe imakukumbutsa pomwe unalekera. Tcheni tinachibwezera pa zizindikiro zake, tinazungulitsa injini ndi dzanja kawiri, oyilo ndi fyuluta zatsopano.

Kulanti tinathira wapinki wosakaniza kale. Wakale yemwe tinakhetsa tinamusunga m'chigubu chotseka, chifukwa amatsekemera ndipo ndi poizoni, galu kapena mwana akamwa ndi maliro. Potulutsa mpweya tinakweza kutsogolo kwa galimoto, fanulo ili pakhosi pa rediyeta, hita ili pa moto, mpaka paipi yapansi itatentha ndipo fani itadzuka n'kuzima kawiri payokha.

Tinaiyesa ndi matumba aja mpaka ku Santhe n'kubwerera, masana dzuwa lili pamutu: 86 mpaka 91. Titafika, injini ili yotentha, tinayesanso utsi uku tikuponda mafuta. Madzi anakhala abuluu. Tinaigoneka pagalaja, m'mawa inalira mosalala. Ndinauza mnyamatayo kuti madzi aziyang'ana pa botolo lapambali injini ili yozizira, asamatsegule kapu tsiku lililonse, ndipo akasowa kulanti panjira athire madzi oyera aja othira m'batire, opanda asidi, osati a pamjigo. Mayiwo anamugulira kachipangizo kotchipa kolumikiza pa soketi ya sikana komwe kamaonetsa kutentha m'manambala, ndipo tinagwirizana kuti akaona 100 aime, asadikire getsi.

Inabwera pa makilomita 1,000, madzi ali pa mzere womwe tinalemba ndi maka. Koma sikuti inabwerera mwakale ndithu. Chiyambireni tsiku la ku Madisi lija injiniyi imadya oyilo, pafupifupi theka la lita pa makilomita 2,000 aliwonse, zomwe mnyamatayo akuti kale sinkachita. Ndikuganiza kuti maring'i a oyilo anafooka ndi moto uja. Sikutulutsa utsi wooneka, mapulagi sakuda, ndiye tinagwirizana zongoyang'anira dipisitiki Loweruka lililonse m'malo motsegulanso injini.

Komaliza kuiona kunali mu Epulo 2025, msika wa fodya utangotsegulidwa pa Chinkhoma, mita ili pa 236,000. Inabwerera CV joint yakumanzere yomwe inkalira pokhota. Poti inali pomwepo, tinamasula mabawuti apamwamba a rediyeta n'kuipendeketsa kuti tisuzumire kuseri kwa kondensa. Munali mutayambanso kudzaza njere za udzu, zokwana manja awiri. Tinazipopera mpweya kuchokera kumbuyo, n'kumuuza mnyamatayo kuti abwerenso soya akatha kukololedwa.